Pichesi wa Bambo Zalimba

Ntchito yanga yoyamba ku London sindinachite kuifunsira. Ndinali nditakhala miyezi inayi m'kanyumba kathu ka pamwamba ku Woolwich, mkazi wanga Tiyamike akupita ku shifiti kuchipatala, ine ndikutsala ndi mbale zotsuka. Anzathu a kutchalitchi ankandiuza kuti ndilowe ntchito yosamalira okalamba monga ambiri amachitira, ndipo mafomu ndinali nditadzaza kale. Loweruka lina mu Ogasiti ndinakwera basi kupita ku nazale ina ya mitengo kupitirira Eltham, kukagula mbande ya tomato yoti ndiike pawindo. Kuseri kwa shedi ndinaona mayi wachizungu wa imvi atagwada pamzere wa timitengo, akumezanitsa. Ndinaima n'kumaonerera nthawi yaitali mpaka anadzutsa mutu.

"Ukufuna kugula, kapena ukufuna kundiuza kuti ndikulakwitsa?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti kwathu ku Bembeke, ku Dedza, bambo anga anali ndi munda wa mapichesi ndi mapulamu, ndipo ine ndinayamba kumezanitsa ndevu zisanamere. Anangondipatsa mpeni wawo ndi kanthambi ka apulo. Ndinasema diso limodzi la kanthambiko, n'kulilowetsa m'khungwa la kamtengo, n'kumanga ndi tepi. Anayang'ana, anagwira ndi chala, kenako anati, "Lolemba, seveni koloko. Ubwere ndi majombo." Amenewo anali Mayi Doreen, eni ake a nazaleyo.

Miyezi yoyamba ndinkangokankha wilibala, kuthirira miphika ndi kukweza matumba a kompositi m'vani. Koma ndinkamvetsera. Ndinaphunzira kuti chimene azungu amatcha peyala si peyala lathu lodyera buledi, ndipo kasitomala woyamba amene ndinamuuza kuti mtengo wake sungapirire chisanu anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinaphunzira kuti apulo mmodzimodzi yemweyo akhoza kuthera m'mapewa mwa munthu kapena kupitirira denga, malinga ndi tsinde limene wamezanitsidwapo. Ndinaphunziranso kuti maapulo ambiri sabereka ali okha, amafuna mnzawo wa mtundu wina pafupi woti achite maluwa nthawi imodzi. Bulugamu amene kwathu timabzala m'malire a munda, kuno amagulitsidwa ali kamtengo kokongola ka masamba otuwa, ndipo anthu amakabzala pafupi ndi khoma osadziwa kuti pakatha zaka zochepa kadzaposa nyumba. Mayi Doreen ankakana kugulitsa bulugamu kwa munthu wa bwalo laling'ono, ngakhale atakwiya bwanji.

Lamulo lawo linali lakuti mtengo uliwonse umene ife tikabzale tokha, tiyambe taona bwalo. Panali pepala la mafunso. Dzuwa limafika maola angati? Kuno dzuwa limadutsa chakummwera, ndiye khoma loyang'ana kummwera limafunda, loyang'ana kumpoto limakhala mumthunzi pafupifupi chaka chonse. Dothi ndi lotani? Madera ambiri a London ndi dongo lokhalokha, lomata ngati la mbiya. Tinkakumba kadzenje, kuthiramo ndowa ya madzi, n'kudikira. Madzi akakhala osalowa, ndiye kuti pamenepo pafunika mtengo wopirira chinyontho, kapena kubzala pachulu chochita kuunjika. Dzenje lenilenilo ankafuna likhale lotambalala koma losazama kuposa mizu, dothi lotulukamo libwererenso momwemo, ndipo mfundo yomezanitsira itsale pamwamba pa nthaka. Kenako chikhomo chachifupi, lamba wa labala, ndi makungwa ophwanya owaza mozungulira.

Zonsezi ndinkazidziwa pofika Novembala, nyengo imene mitengo imayoyola masamba ndipo timaizula n'kuigulitsa mizu ili pamtunda. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti zimene ndinachita ndinazichita mosadziwa.

Mayi Zalimba ndinawadziwira kutchalitchi. Anali namwino wopuma pantchito, mmodzi wa aja anabwera kuno kalekale, ndipo ndiwo anamuthandiza Tiyamike kupeza nyumba atangofika. Amuna awo, Bambo Zalimba, anadwala sitiroko kawiri. Mbali ya kumanja inafa, mawu ankatuluka amodziamodzi, ndipo bedi lawo analitsitsira m'chipinda cha pansi choyang'ana kubwalo la kuseri. Lamlungu lina titaweruka, mayiwo anandikokera pambali.

"A Yohane, ndamva muli kumitengo. Bambo anu kunyumbaku amangoyang'ana mpanda tsiku lonse. Kwawo ku Tsangano kunali pichesi pakhomo penipeni. Masiku ano akayankhula, ndi za pichesi ameneyo. Ndikufuna aone maluwa ake pawindo."

Ndinati ndibwera ndidzaone bwalo. Ndinapita Lachinayi madzulo nditaweruka, ku Plumstead, m'kamsewu ka nyumba zogundizana. Nditangotsegula chitseko cha kuseri ndinadziwa. Bwalolo linali lalitali ngati mabasi awiri, loyang'ana kumpoto, nyumba ikuliphimba mbali ina, mpanda wautali wa aneba mbali inayo. Pansi panali ndere zobiriwira. Nditaponda paudzu, jombo inatuluka ndi phokoso. Malo okhawo oonekera pabedi la bambowo anali pakati, potsetserekera madzi onse a m'bwalomo. Pichesi amafuna khoma lofunda ndi dothi louma msanga. Panalibe chimodzi mwa ziwirizi.

"Amayi," ndinayamba, "pano dzuwa likuchepa. Pali mitengo ina ya maluwa ofanana ndi a pichesi. Pali kaapulo kena ka zipatso zing'onozing'ono, kamachita maluwa ofiirira, sikaopa dongo."

"Koma si pichesi."

"Si pichesi, amayi."

"Ku Tsangano kumazizira, mwanangu. Inu a ku Dedza mukudziwa. Madzi amachita kuuma m'ndowa. Pichesi amaopa chiyani kuzizira?"

Tinalowa m'chipinda. Bambo Zalimba anali atakhala pa wilitcheya, bulangete m'miyendo. Mayiwo anawauza kuti uyu ndi mwana wa ku Bembeke, wabwera za mtengo uja. Bambowo anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamanzere, mwamphamvu, nati, "Pichesi." Anamwetulira mbali imodzi ya kamwa.

Pamenepo ndiye ndinagonja. Kwathu sitinaleredwe kutsutsa akulu m'nyumba mwawo, tiyi wawo ali m'manja. Komanso, ndisabise, panali kunyada. Ndinadziuza kuti Mayi Doreen amadziwa maapulo, koma pichesi ndi wathu, ndinakulira pansi pake. Ndinati, "Tiyesa, bambo. Pofika Malichi muona maluwa." Ndowa ya madzi ija sindinathire n'komwe.

M'mawa mwake ndinasankha pichesi wabwino koposa m'nazale, wa zaka zitatu, nthambi zake zodzaza ndi timaso ta maluwa. Mayi Doreen ataona pepala anafunsa, "Pichesi? Pali khoma?"

"Khoma lilipo," ndinayankha. Linalipodi. Sanafunse kumene linayang'ana, chifukwa pofika nthawiyo ankandikhulupirira.

Ndinakabzala ndekha Loweruka. Pofuna kuuthandiza mtengowo, ndinachita monga bambo anga ankachitira kumunda kwathu. Ndinakumba dzenje lozama kupitirira m'mawondo, dongo lonse ndinalitaya kumpanda, n'kudzazamo matumba awiri a kompositi ndi limodzi la manyowa a akavalo. Pamwamba ndinaumba kabeseni kosunga madzi. Ku Bembeke, kumene mvula imasiya mu Epulo n'kudzabweranso Novembala, dzenje lotero ndi moyo wa mtengo. Ndinakhoma chikhomo, kumanga lamba, n'kuyang'ana kuwindo. Bambo Zalimba anakweza dzanja. Mayiwo anandipatsa mpunga ndi nkhuku m'kontena kuti ndikadye ndi Tiyamike.

Dzinja la kuno linabwera ndi mvula yosalekeza, ya tsiku ndi tsiku. Lamlungu lililonse Mayi Zalimba ankandipatsa malipoti. Bambo ayamba kudzuka msanga. Bambo akumauza wowasamalira kuti awakankhire pawindo asanawasambitse. Bambo awerenga timaso ta panthambi ya m'munsi, akuti tilipo khumi ndi tiwiri. Chakumapeto kwa Febuluwale timaso tija tinatupa, tina tinaonetsa kufiira kunsonga. Ine mtima unakhala pansi, ndinayamba kuganiza kuti mwina ndapambana.

Mu Malichi kunagwa chisanu masiku atatu otsatizana, chija choyeretsa magalasi a galimoto. Mayiwo anandiimbira foni. "A Yohane, timaso tija tada. Sitikutseguka."

Ndinati chisanu chimatero, tidikire, masamba atuluka. Pakati pa Epulo anaimbanso. M'misewu monse mitengo ya matcheri inali itayera ndi maluwa, mpaka ena akugwera m'mabasi. Kunazale kwathu timaapulo ta m'miphika, ta mtundu uja ndinawauza Mayi Zalimba, tinali titafiira mzere wonse, makasitomala akulimbirana. Mayi Zalimba anati, "Kwa aneba kwachita maluwa. Wathu uli chiimire. Bambo akufunsa."

"Mtengo wongobzala kumene umachedwa kudzuka, amayi. Tiupatse milungu iwiri."

Ndinkadziwa kuti ndikunama. Ndinkaopa kupita kukaona, ndinkaopa kuuza Mayi Doreen, ndinkaopa nkhope ya bambo aja. Kutchalitchi ndinayamba kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Tiyamike anandifunsa chimene ndinkathawa, ndinati mutu.

Kumapeto kwa Meyi, Mayi Zalimba anaimba foni ya kunazale, osati yanga. Sanaimbe modandaula. Anangofunsa mwaulemu ngati pali mankhwala othandiza pichesi wochedwa kudzuka. Anayankha foniyo ndi Mayi Doreen. Ine ndinali kuseri ndikusintha miphika. Anabwera, makiyi a vani ali m'manja, nati, "Tenga fosholo, foloko ndi ndowa. Tikupita ku Plumstead."

Titafika, anapereka moni kwa mayiwo, anadutsa m'khitchini, n'kuima pakhomo la kuseri. Anayang'ana kumwamba kufuna dzuwa, anayang'ana mpanda, anayang'ana ndere. Kenako anayang'ana ine. Anapita pamtengo, anakanda khungwa ndi chikhadabo. Mtengo wamoyo umaonetsa kubiriwira m'kati. Uwu unali wofiirira ngati fodya. Anakandanso m'munsi, pafupi ndi nthaka. Chimodzimodzi. Mfundo yomezanitsira sinkaoneka, inali itamira pamene kompositi ija inatitimira.

"Kumba," anatero.

Fosholo inalowa mosavuta ngati m'phala. Nditatulutsa kachitatu, madzi akuda anayamba kudzaza m'dzenjemo, ndipo fungo linatuluka, la mazira oola. Dongo la m'mbali linali losalala, lolimba, momwe ndinalisiyira mu Novembala. Ndinali nditaumba mtsuko pansi pa nthaka, n'kuikamo mtengo, mvula ya miyezi isanu n'kuthiramo. Nditaukoka, unazuka ndi dzanja limodzi. Mizu inali yakuda, khungwa lake likuvuuka m'zala.

Mayi Doreen anayankhula motsitsa mawu kuti a m'nyumba asamve. "Unathira ndowa ya madzi?"

"Ayi."

"Unadziwa kuti bwaloli layang'ana kumpoto?"

"Ndinadziwa."

"Nanga unadziwa liti kuti wafa?"

Ndinati mu Epulo. Ndinkayembekeza kuti anena za dzina la nazale yawo, kapena andiuze kuti ndisabwerenso. Koma anati, "Mitengo imafa, Yohane. Ine ndapha yambiri kuposa iwe. Koma mu Epulo ndinali ndi timaapulo makumi awiri m'miphika, tili ndi maluwa. Ukanandiuza, tikanabweretsa kamodzi tsiku lomwelo n'kukaimika pawindopo. Lero ndilibe chilichonse cha maluwa choti ndiwapatse. Nyengo yatha."

Ndinatembenuka. Bambo Zalimba anali pawindo, pa wilitcheya yawo, ndipo anali ataona zonse, kuyambira kukanda khungwa mpaka ine nditanyamula mtengo wawo mizu ikudontha. Anali ataonda kwambiri kuposa mu Novembala. Ndinauika pansi mtengowo, ndinavula majombo pakhomo, n'kulowa. Ndinagwada pafupi ndi wilitcheya monga timachitira kwathu.

"Bambo, mtengo uja wafa. Sunafe ndi chisanu. Ndinaupha ndine. Pamalo paja sipoyenera pichesi, ndipo ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Ndinaopa kukuuzani."

Mayi Zalimba anali ataima pakhomo la chipinda, manja atapinda. Anati, "Bwanji simunanene, a Yohane?"

"Ndinayesa, amayi, koma..."

"Munayesa kamodzi. Ine ndagwira unamwino zaka zonsezi. Mukuganiza kuti sindinauzepo anthu zinthu zimene sankafuna kumva? Ndikanakwiya, inde. Mawa lake ndikanakuimbirani kuti bweretsani kaapulo kanuko." Mawu awo sanakwere. "Foni ija ya mu Epulo ndi imene ikundipweteka. Ndinkawauza bambo anu tsiku lililonse kuti a Yohane akuti tidikire."

Bambo Zalimba ankavutika kuti atulutse mawu. Tinadikira. Kenako anati, "Chaka... chamawa." Anandigwira paphewa ndi dzanja lamanzere lija. Sindikudziwa ngati ankandikhululukira kapena ankafunsa. Ndinangoti, "Inde, bambo."

Masana onsewo tinagwira ntchito awiri, ine ndi Mayi Doreen. Tinakapa madzi ndi ndowa, tinachotsa kompositi yoola, tinabweza dongo lija ndinataya kumpanda, kulisakaniza ndi timiyala. Mayi Doreen anandituma kuvani kukatenga matumba a dothi, ndipo tinaunjika chulu chofika m'mawondo, chotambalala. Mawa lake tinapitanso, iwo atanyamula okha kaapulo ka m'mphika, kamasamba okhaokha, maluwa atayoyoka kale, n'kukabzala pachulupo. Anaikanso miphika ya maluwa wamba pansi pa windo kuti pakhale chooneka. Pobwerera m'vani anandiuza kuti kwa miyezi itatu sindidzapita ndekha kukaona bwalo la kasitomala. Sanandichotse ntchito. Masiku amenewo ndinkalakalaka akanandichotsa.

Ndinayamba kupita ku Plumstead Loweruka lililonse kukathirira kaapulo kaja, chifukwa mtengo wobzala mu Meyi umafuna madzi chilimwe chonse. Ndikamaliza ndinkakhala ndi bambowo pang'ono. Ndinkawauza za msika wa ku Lizulu, za mbatata ya kachewere ndi makabichi, iwo akugwedeza mutu. Za pichesi sanatchulenso, ndipo ine sindinayambitse. Timaapulo titayamba kufiira mu Seputembala, anali atasiya kukhala pa wilitcheya. Bedi linali lotsika, ndipo pogona ankangoona nsonga ya mtengo ndi mpanda.

Anamwalira mu Okutobala. Thupi linapita kumudzi, ndipo ine ndinali mmodzi wa amene ananyamula bokosi potuluka m'tchalitchi. Mwezi wa Epulo wotsatira, Mayi Zalimba ananditumizira chithunzi pafoni. Kaapulo kaja kanali katafiira ndi maluwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo chithunzicho anachijambulira m'chipinda chija, kudzera pawindo. Sanalembepo mawu alionse. Ndinali mu shedi pamene chinafika. Ndinakhala pathumba la kompositi nthawi yaitali, mpaka Mayi Doreen anabwera kudzandifuna. Ndinawaonetsa. Anayang'ana, anabweza foni, nati, "Mtengo wagwira bwino." Kenako anatuluka n'kunditsekera chitseko.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi, ndipo lero ndili ndi vani yangayanga, ndimabzala ndi kudulira mitengo m'mabwalo a anthu kuyambira ku Woolwich mpaka ku Peckham. Ambiri mwa makasitomala anga ndi anthu akwathu ndi a maiko oyandikana nafe, ogula nyumba koyamba. Pafupifupi aliyense amafuna mtengo wa kumudzi. Wina anandipempha mango, wina gwafa, wina mtengo wa mthunzi waukulu woti azikhala pansi pake ndi alendo, m'bwalo losakwana n'kuyanika zovala. Ndimawamvetsa, chifukwa nanenso ndimalota mapichesi a bambo anga. Ndimawamvetsera mpaka amalize, kenako ndimapempha ndowa ya madzi. Ndikaona kuti sizitheka ndimanena tsiku lomwelo, ndisanalandire tiyi, ndipo akaumirira ndimanenanso kachiwiri ndi kachitatu. Akulu ena amandiona ngati wamwano. Bambo wina ku Peckham anandiuza kuti Ulaya wandiwononga, ndipo anakagula mtengo wake kwina.

Mtengo ukayamba kuoneka zachilendo, ndimapita mlungu womwewo kukakanda khungwa, ndipo chimene ndapeza ndimachinena ndili pomwepo. Kale ndinkaganiza kuti mtengo ukalephera palibe chovuta, tibzala wina nyengo ikubwerayo. Kwa mtengo ndi zoona. Koma amene akudikira pawindo ndi munthu, ndipo sindidziwa kuti watsala ndi nyengo zingati. Mayi Zalimba timaonana kutchalitchi mpaka pano, amandifunsa za ana, ndipo chaka chilichonse mu Febuluwale ndimapita kukadulira kaapulo kaja. Amanditsegulira chitseko cha kuseri, ndimagwira ntchito yanga, ndipo ndikamadulira ndimaima chofulatira windo.